Kodi ozone angalowe m'malo mwa dialysis?

Abale, ndithandizeni nzeru. Malume anga ali ku Johannesburg, impso zawo zinasiya kugwira ntchito, ndiye amapita ku dialysis (kusefa magazi ndi makina m'malo mwa impso) katatu pa sabata. Tsopano pabwera munthu wowauza kuti asiye zimenezo ayambe EBOO: amatulutsa magazi m'thupi, n'kuwadutsitsa m'sefa yonga ya dialysis momwe amakumana ndi mpweya wa ozone, kenako n'kuwabweza. Akuti magazi amayera.

Chikundivuta ndi ichi. Dialysis imachotsa urea, potaziyamu ndi madzi amene impso zodwala zalephera kutulutsa, ndipo potaziyamu akachuluka mtima umatha kuima. Nanga EBOO imachotsa chiyani? Kuonjezera apo, bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, limati ozone ndi mpweya wapoizoni wopanda ntchito yodziwika yochizira matenda. Koma malume atopa, masingano awakwana, ndipo wowanyengererayo ali ndi pakamwa pozuna, ndalama nazonso akutchula zambiri.

Anamwino ndi madokotala amene muli muno, munthu akadumpha dialysis sabata yathunthu chimachitika n'chiyani m'thupi? Malume akamufunse zotani dokotala wawo wa impso? Ndipo inu amene munasamalirapo wodwala impso, munthu wamkulu mumamuletsa bwanji popanda kuoneka wamwano?