Allion yagunda pa Great East, oyendetsa athawa, wina akuti ndiikoke msanga

Wa breakdown ku Chelstone: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, ndili pamalo pomwe pano. Ndimachokera mtauni ndi breakdown, galimoto yokokera magalimoto owonongeka, wopanda katundu. Nditangodutsa pa Munali, pamsewu wa Great East ku Lusaka kuno, galimoto ya Toyota Allion yoyera yandipitirira ngati mphepo, yakhula minibasi m'nthiti n'kukaomba chitsulo cha magetsi. Ndaona ndi maso angawa. Anyamata awiri atuluka, wina magazi ali chuchuchu pamphumi, koma m'malo mokhala pansi alumpha ngalande n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Mu minibasi mayi wina wavulala mwendo, amutengera ku chipatala cha Levy. Tsono pasanapite nthawi kwabwera bambo wina pa kagalimoto ka Vitz, akuti Allion'yi ndi ya mng'ono wake, ndikaisiye pa yadi ina ku Garden apolisi asanafike. Wandionetsa K2,000 m'manja. Ndikoke?

Makaniko wa ku Kalingalinga: Tcheni chako chisakhudze galimoto imeneyo, mphwanga. Suzumira kaye pa siteringi. Kiyi alipo?

Wa breakdown ku Chelstone: Kiyi palibe akulu. Pulasitiki ya pansi pa siteringi ndi yophwanyidwa, mawaya ali lendelende. Kagalasi kakang'ono ka chitseko chakumbuyo n'kosweka, chonsecho mbali imeneyo sinagunde paliponse.

Makaniko wa ku Kalingalinga: Basi, yakuba imeneyo. Ona disiki ya road tax pagalasi lakutsogolo, ufananize nambala yake ndi ya pa puleti.

Wa flatbed ku Matero: Koma inu musamuopseze mwana. Ife ntchito yathu n'kukoka, si kufufuza milandu. Munthu akakuitana umamufunsa white book, chikalata cha umwini wa galimoto, pamsewu? Dizilo wakwera, makasitomala akusowa, ndiye K2,000 ingopita chonchi?

Mdala wa panel beating, Chawama: A Matero, pepani, pamenepo ndikutsutsani. Kukoka galimoto yofera pamsewu mwini wake ali pomwepo ndi kiyi m'manja, ndi nkhani ina. Apa pavulala munthu, oyendetsa athawa, ndipo amene akulipira wanena yekha kuti "apolisi asanafike". Galimotoyo tsopano ndi umboni. Ma traffic, apolisi a pamsewu, ayenera kuipeza pomwe yaima kuti ayeze ndi kujambula mmene ngozi yachitikira, ndipo mwini minibasi sangapeze kanthu ku inshuwalansi popanda lipoti la apolisi. Mayi wapita ku Levy uja nayenso adzafuna lipoti lomwelo.

Komanso taganizani amene anthu amuona. Akubawo palibe awadziwa. Koma breakdown ili ndi dzina ndi nambala ya foni pachitseko, zilembo zikuluzikulu, ndipo pa Great East aliyense ali ndi foni m'manja akujambula. Mawa apolisi akamafunsa kuti Allion inapita kuti, adzayambira pakhomo pa mnzathuyu. Kusunga kapena kuthandiza kubisa katundu amene uli ndi chifukwa chomuganizira kuti ndi wakuba ndi mlandu mu Penal Code, ndipo "ndinangotumidwa" sikupulumutsa munthu woti waona mawaya ali panja. Breakdown yakonso akhoza kuigwira ikhale pa polisi mpaka mlandu uthe. Ana adya chiyani miyezi imeneyo?

Ku yadi kumene akunenako, galimoto yotere sigona. Pofika m'mawa injini ili kwina, zitseko kwina, magetsi akugulitsidwa patebulo. Ife a magalaja timazidziwa, amabwera nazo kwa ife zomwezo.

Wa breakdown ku Chelstone: Nambala ya pa disiki ndi ya pa puleti zasiyana. Puleti yakumbuyo yamangidwa ndi waya, mabauti palibe. Bambo uja wakweza, akuti K3,500.

Mayi wa ma spare, Lumumba Road: Mwana wanga, usakangane naye, sudziwa chimene ali nacho mu Vitz mwakemo. Muuze kuti winchi yakana, kapena kuti abwana ako akuletsa. Ukhale pagulu la anthu, usapite naye pambali. Nambala ya Vitz uiloweze pamtima, ukailembe uli m'galimoto mwako.

Makaniko wa ku Kalingalinga: Imbira apolisi pa 991. A RTSA, bungwe loona za pamsewu, nawonso ali ndi nambala yaulere, 983. Ndipo boneti usatsegule wekha kufuna chassis number, nambala ya kufakitale ya galimotoyo, ungasiyepo zala zako. Apolisi akafika uwauze kuti aone kachitsulo ka m'chipinda cha injini. Chassis number ya Allion ya injini ya 1.5 imayamba ndi NZT, kenaka 240 kapena 260 malinga ndi chaka. Nambala imeneyo ndi imene imagwirizana ndi white book, puleti aliyense atha kusintha.

Wa flatbed ku Matero: Chabwino, disiki ikasiyana ndi puleti nanenso sindingakoke. Koma za umboni muuzeni zoona. Ukangopereka sitetimenti, udzakhala ukuitanidwa kukhoti, tsiku lonse pabenchi, kenaka akuti mlandu wasunthidwa. Ndani adzamulipira masiku amenewo?

Mdala wa panel beating, Chawama: Zimenezo n'zoona, zimatopetsa. Koma kupita kukhoti ngati mboni umabwerako madzulo. Unene zimene waona zokha: mtundu wa galimoto, mbali imene yagunda, anthu angati, athawira kuti, avala chiyani. Usawonjezere za liwiro lenileni ngati unali ndi makina oyezera. Akalemba, uwerenge usanasaine.

Wa breakdown ku Chelstone: Ma traffic afika. Atangoona galimoto yawo, bambo wa Vitz wayatsa n'kupita osatsanzika. Nambala ndawapatsa. Aimba ku ofesi, akuti Allion inadandaulidwa m'mawa uno kuti yabedwa usiku. Tsopano iwowo ndi amene akuti ndiikokere ku polisi. Apa ndiye alipira ndani?

Mayi wa ma spare, Lumumba Road: Mwini wake kapena inshuwalansi yake, koma usanyamuke ndi mawu apakamwa. Lemba dzina ndi nambala ya wapolisi wakutumayo, jambula galimoto mbali zonse ndi m'kati usanaikweze, kuti mawa asadzati batire yasowera kwa iwe. Ukafika, akulembere kuti ailandira, ndi nthawi yake. Risiti yako isiye komweko ndi foni yako.

Wa breakdown ku Chelstone: Ndamva amayi, zikomo nonse. A Matero, ndinali ndi ntchito yokakoka lole ya Canter yakufa giya ku Avondale, kasitomala akudikira. Mungaitenge?

Wa flatbed ku Matero: Tumiza nambala yake kumbali. Umuuze kuti mtengo ndi wanga, osati wako.