Za kompyuta yojambulira mapulani ija, ndagula

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za kompyuta yojambulira mapulani a nyumba pa AutoCAD ndi SketchUp. Laputopu yanga yakale ija inkangouma ndikati nditembenuze nyumba ya 3D, kasitomala ali pambali kudikira, manyazi ake.

Ndinatsatira malangizo a achimwene aja amene anati ndisatengeke ndi kuchuluka kwa ma core (tizigawo togwira ntchito ta m'purosesa, ubongo wa kompyuta), chifukwa pojambula mapulogalamuwa amadalira kwambiri core imodzi, ndiye chofunika ndi liwiro lake. Ndinakagula laputopu ya kaunjika ku Blantyre: purosesa ya Core i7, RAM (memore imene kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) ya 16GB, SSD (chosungira mafayilo chachangu), ndi khadi ya zithunzi ya NVIDIA ya 4GB. Desktop imene ena munkanena ndinaisiya. Ndi mmene magetsi amazimira kuno ku Chinamwali, batire ndiye ikundipulumutsa.

Fayilo imene kale ndinkaitsegula n'kupita kukathira tiyi, pano ikutseguka ndisanadzuke pampando. Chimene ndinaiwala ndi kufunsa ngati RAM ingawonjezeredwe. Mwamwayi malo achiwiri oikapo RAM alipo, koma malaputopu ena RAM yake ndi yomatirira, ndiye funsani musanalipire. Komanso pochita render (kusandutsa pulani kukhala chithunzi chooneka ngati nyumba yeniyeni) laputopuyi imatentha koopsa, moti ndinaiika pa timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi.