Kama kapena ndodo? Genesis 47:31 ndi Ahebri 11:21

Wofunafuna:
Abale, tandithandizeni. Pa Genesis 47:31 Yakobo akuwerama kumutu kwa kama, koma pa Ahebri 11:21 akulambira atatsamira ndodo. Wolemba Ahebri anawerenga chiyani? Ndipo munthu wofuna kuyerekeza Chihebri ndi Chigiriki bwinobwino ayambire pati?

Mlembi:
Apa palibe wokopera amene analakwitsa. Kale Chihebri ankachilemba ndi makonsonanti okhaokha, ndipo mawu akukuvutaniwo ali ndi zilembo zitatu, m, t ndi h. Mukawatchula kuti mittah ndi kama, mukati matteh ndi ndodo. Ayuda a ku Alexandria amene anamasulira Genesis m'Chigiriki, m'zaka za m'ma 200 Yesu asanabadwe, anatchula kuti matteh, ndipo wolemba Ahebri anatsata kumasulira kwawoko, komwe ndi mbali ya Septuagint, Chipangano Chakale cha m'Chigiriki. Timadontho ta mavawelo anadzaika ndi Amasorete, alembi achiyuda okopera malemba a Chihebri, patapita zaka mazana ambiri. Buku lakale kwambiri lokhala ndi malemba awo onse ndi Leningrad Codex, ya chaka cha 1008.

Ine ndikuona kuti kama ndiye akugwirizana ndi nkhaniyo, chifukwa pa 48:2 ndi pa 49:33 Yakobo ali pa kama pomwepo, ndipo ngakhale Chigiriki chikutero.

Nachisale:
A Wofunafuna, khalani ndi mabuku awiri patebulo: Baibulo la Chihebri lotchedwa Biblia Hebraica Stuttgartensia (BHS), yomwe imatsata Leningrad Codex, ndi Septuagint imene katswiri Rahlfs anatulutsa mu 1935. Kungoti Rahlfs anadalira makamaka mabuku akale atatu olembedwa pamanja, Vaticanus, Sinaiticus ndi Alexandrinus, ndiye pa vesi lovuta onaninso Septuagint yosindikizidwa ku Göttingen, ili ndi mboni zambiri, ndiye kuti mipukutu yambiri yoyerekeza.

Musanayerekeze mawu, tsimikizani kuti mukuyang'ana vesi limodzi. Ambiri amagwera pamenepa. Salimo 9 ndi 10 a Chihebri ndi salimo limodzi m'Chigiriki, choncho Salimo 23 mulipeza pa 22. Chakumapeto zimasokonekeranso: 114 ndi 115 aphatikizidwa, 116 lagawidwa pawiri, 147 chimodzimodzi. Yeremiya ndiye vuto lenileni. Wachigiriki ndi wamfupi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8, ndipo maulosi onena za mitundu ina, amene m'Chihebri ali pa mitu 46 mpaka 51, iye ali nawo pakati, pambuyo pa 25:13, m'dongosolo linanso.

Mukagwirizanitsa mavesi, bwezerani Chigirikicho ku Chihebri n'kudzifunsa kuti womasulira anaona zilembo ziti. Yesani pa Amosi 9:12. Chihebri chikuti alande otsala a Edomu, Chigiriki chikuti anthu otsala afunefune. Edom ndi adam, kutanthauza munthu, ndi makonsonanti omwewo mukachotsa w wothandiza katchulidwe. Yireshu, alande, ndi yidreshu, afunefune, zikusiyana ndi chilembo chimodzi. Machitidwe 15:17 atsata Chigiriki, ndipo mfundo ya Yakobo, m'bale wa Yesu, pa msonkhano wa ku Yerusalemu yagona pamenepo.

Kenako onani ngati mipukutu ya ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, ili ndi vesilo. Mipukutu imeneyi, imene inayamba kupezeka mu 1947, inasonyeza kuti nthawi zina womasulira sanasinthe kanthu, anali ndi Chihebri china pamaso pake. Zidutswa za Yeremiya za ku Qumran zotchedwa 4QJer b ndi 4QJer d zikugwirizana ndi Yeremiya wamfupi uja.

Kamtedza:
A Nachisale anena bwino, koma ndichenjezepo. Anthu akamva za Qumran amayamba kuganiza kuti Chigiriki ndicho chakale paliponse. Ayi ndithu, buku lililonse lili ndi khalidwe lake chifukwa omasulira anali osiyana. Wa Mlaliki ankatsata liwu ndi liwu mpaka Chigiriki chake chimachita kuuma, ndiye akasiyana ndi Amasorete muime n'kufufuza. Wa Yesaya ndi wa Miyambo ankamasuka, kusiyana kwawo kambiri ndi kwa iwo eni. Yobu wachigiriki ndi wamfupi ndi gawo limodzi mwa magawo 6, koma akatswiri ambiri amati anafupikitsa ndi womasulira. Kufupika kwa Yobu ndi kwa Yeremiya sikufanana.

Pomwe mboni zosadalirana zagwirizana m'pamene ndimakhulupirira Chigiriki. Pa 1 Samueli 17:4 Amasorete akuti Goliati anali wa mikono 6 ndi chikhatho, koma Vaticanus, mpukutu wa ku Qumran 4QSam a ndi Josephus, wolemba mbiri wachiyuda, akuti mikono 4 ndi chikhatho. Pa Deuteronomo 32:8 Amasorete ali ndi ana a Israyeli, mipukutu yambiri ya Chigiriki angelo a Mulungu, 4QDeut j ana a Mulungu. Salimo 145 limatsata alifabeti koma kwa Amasorete vesi loyamba ndi chilembo nun mulibe, pomwe Chigiriki ndi 11QPs a zili nalo.

Msampha wina ndi wa Origen, katswiri wachikhristu wakale. Cha m'ma 240 ku Caesarea anakonza Hexapla, buku loika Chihebri ndi matembenuzidwe a Chigiriki m'mizati 6, ndipo pomwe Septuagint inalibe mawu a m'Chihebri anawonjezera, makamaka kuchokera kwa womasulira wina, Theodotion, n'kuika kanyenyezi. Okopera a pambuyo pake nthawi zambiri ankasiya tizizindikiroto. Ndiye mukapeza mpukutu wachigiriki wogwirizana ndendende ndi Amasorete, musathamangire kuwerenga mboni ziwiri. Onani kaye m'munsi mwa tsamba la Göttingen ngati suli m'gulu la chilembo O, la mipukutu imene inadutsa m'manja mwa Origen.