Matebulo awiri akukana kulumikizana bwino mu Power BI

Moni nonse pagulu pano.

Ndagwira njakata ndi Power BI Desktop, pulogalamu yopangira malipoti kuchokera ku deta. Ndili ndi tebulo la malonda lochokera mu Excel, ndi lina la makasitomala lochokera mu SQL Server (pulogalamu yosungira deta). Onse ali ndi column ya CustomerID (ID ya kasitomala aliyense), koma ndikawalumikiza pulogalamuyi ikukana one-to-many (mzere umodzi wa kasitomala kulumikizana ndi mizere yambiri ya malonda), ikungolola many-to-many (mizere yambiri mbali zonse ziwiri), ndiye malonda a kasitomala mmodzi akuwoneka kawiri pa lipoti.

Ndachotsa kale ma ID obwereza mu Power Query (gawo la Power BI lokonzera deta), ma column onse awiri ndawasandutsa Text, ndayesanso kuphatikiza matebulowo ndi Merge Queries pa njira ya Left Outer (yosunga mizere yonse ya tebulo loyamba) koma mizere ina yatuluka null, kutanthauza yopanda kanthu. Chikundikayikitsa n'chakuti mu tebulo la makasitomala muli "ab102" komanso "AB102", pomwe ndi munthu mmodzi.

Kodi vuto lagona pamenepa? Ndisinthe zilembo zonse zikhale zazikulu, kapena ndipange tebulo lapadera la ma ID? Chonde ndithandizeni, lipotili likudikiridwa.