Tiziwaopseza kapena tiziwalimbitsa mtima?

Mayi wa ku Chilobwe: Abale, ndigaireniko nzeru. Ndimatsogolera kagulu ka achinyamata kutchalitchi kwathu. Namondwe wa Freddy atatigwera mu Marichi 2023, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zitakokolola nyumba ndi anthu, sindinkavutika kumema anthu. Ndikangoti "mukuukumbuka usiku uja?" onse zii, Loweruka n'kubwera ndi makasu kudzabzala mitengo. Ulendo wathawu tinabwera asanu okha. Mnyamata wina anachita kundifunsa kuti, "Amayi, ngati dziko likutha, kamtengo kanga kaletsa chiyani?" Ndinasowa choyankha. Kodi ndinawaopseza mopitirira muyeso?

Mlimi wa ku Dowa: Mayi, mantha ndi moto wa mapesi. Kwathu alangizi anatiopseza zaka zambiri kuti kuno kudzasanduka chipululu, ife n'kumangogwedeza mitu, mawa lake nkhwangwa paphewa. Chinatitembenuza ndi munda wa mnzathu amene anasiya misangu. Mtengo umenewu umayoyola masamba dzinja, choncho suphimba chimanga, ndipo chimanga cha patsinde pake chimabiriwira ngati chathiridwa feteleza. Ndi mmene feteleza wakwereramu, palibe anafunika kulalikiridwa. Lero ukadula chitsa chophukira m'munda mwa munthu, mukathera kwa amfumu.

Wa ku Phalombe: Ine ayi, bambo. Namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022, wa Freddy mu 2023, koma kuno ena abwerera kukamanga momwe munadutsa madzi. Munthu wotere umulimbitse mtima wanji? Auzeni zoona, ngakhale ziwawe.

Wa njinga ya makala: Mukukamba ngati ife sitiopa. Tikuopa, ndipo mapiri tikuwaona mmene ayerera. Koma namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, magetsi n'kumangozimazima, ankatiimitsa pamsewu ndani? Si inu a m'tauni? Ana anga sadya mantha, chiyembekezonso sadya.

Mayi wa ku Chilobwe: Achimwene a makala, mwandilasa, mbaula yanga ili pamoto panopa. Bambo a ku Dowa, ndamva. Nyengo yobzala mitengo isanatsegulidwe pa 15 Disembala, ndikwera nawo ana aja kuphiri akaone mitengo yathu yoyamba ija. Mbuzi zinadya yambiri, koma ilipo ina yandipitirira kale msinkhu. Za usiku uja sindisiya kuzitchula, anzathu a ku Phalombe, kungoti sindiyambira pamenepo. Alipo akudziwa komwe ndingapeze mbande za mtangatanga kuno ku Blantyre?