Ana akuti masheya ndi juga basi, ndiwayankhe bwanji?

Mphunzitsi wa masamu, Ulónguè:
Aphunzitsi anzanga, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi vuto. Tchuthi chino ndasonkhanitsa ana 23 a sétima ndi oitava (kalasi 7 ndi 8) kuti tiziphunzira za kasamalidwe ka ndalama. Timakumana masana Lachiwiri ndi Lachisanu, poti m'mawa amakhala ali kumunda kupalira. Sabata ziwiri zoyamba zinayenda bwino: kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka, kusiyanitsa chofunika ndi chongosilira. Dzulo nditangotchula masheya (tizidutswa ta umwini wa kampani), mnyamata wina anakweza dzanja, akuti, "Aphunzitsi, si kandege ka pa foni kaja? Umaika 20, mwayi ukakugwera umatenga 200." Kalasi yonse inagwedeza mutu kuvomereza. Madzulo ake bambo a mtsikana wina anandilondola mpaka kunyumba, akuti amva kuti ndikuphunzitsa ana juga. Ndinawafotokozera koma anachoka asanakhutire. Lachisanu ndilowe bwanji m'kalasimo?

Mayi mphunzitsi, Dómuè:
Achimwene, mwanayo musamuone ngati wopusa. Wayankha ndi zomwe amaziona kwa akulu ake pa grosale tsiku ndi tsiku. Inuyo ndi amene munadumpha chitsa. Masheya sanawaonepo, koma chimanga amachidziwa. Afunseni kuti ndowa imagulidwa zingati mu Meyi anthu atangokolola, nanga mu Januwale nkhokwe zitapepuka. Mitengoyo akuuzani okha, ena amaidziwa kuposa ife. Kenako funso: amene anagula mu Meyi nasunga, watchova juga? Adzakana, chifukwa chimangacho chilipo, ngakhale mtengo utapanda kukwera adya nsima. Apo ndiye mwalowa. Koma musaiwale anankafumbwe, thumba, mankhwala ndi transipoti. Ana anga chaka chatha anawerengetsa phindu lalikulu, titachotsa zimenezi nkhope zinagwa. Phunziro lake linali lomwelo.

Wa Geografia, Songo:
Ndikugwirizana ndi amayi. Mukachoka pa chimanga, masheya musakawatenge kutali, tili nawo m'chigawo chathu chomwe chino. Mu 2019 HCB (Hidroeléctrica de Cahora Bassa), kampani yopanga magetsi ya kuno ku Songo, inagulitsa 4% ya kampani kwa Amozambiki kudzera ku msika wa masheya wa Bolsa de Valores de Moçambique, sheya imodzi pa meticais 3. Ine ndimalemba pa bolodi kuti meticais 300 inagula masheya 100, ndiye ndimafunsa: mwagula chiyani? Mwagula kachidutswa ka kampani yomwe ili ndi damu pa Zambezi, yomwe makina ake angatulutse magetsi okwana megawati 2,075 ndipo imagulitsa ku EDM (kampani yogawa magetsi ya dziko lino), ku Eskom ya ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Ndalama zomwe eni masheya amagawana zimachokera pa magetsi ogulitsidwa. Nanga za kandege zimachokera kuti? Asiyeni aganize. Mmodzi adzanena yekha kuti zimachokera m'thumba mwa anzake amene aluza.

Ndimawauzanso mbiri pang'ono, kuti damulo linayamba kumangidwa mu 1969 nthawi ya Apwitikizi, ndipo boma lathu linadzatenga gawo lalikulu la kampaniyo mu 2007. Ana amanyadira akamva zimenezi. Chenjezo lokha: musawalonjeze kuti sheya imangokwera. Imatsikanso, ndipo madzi akachepa mu damu magetsi nawonso amachepa.

Mphunzitsi wa masamu, Ulónguè:
Zikomo akulu. Funso lija loti "ndalamayo ikuchokera kuti" landitsegula m'maso. Nanga bambo aja?

Mayi mphunzitsi, Dómuè:
Aitaneni Lachisanu akhale kumbuyo. Akhale iwo onena mtengo wa mbatatesi pa nthawi yokumba. Munthu amene wapatsidwa mpando sanyoza msonkhano.

Wa sukulu ya pulaimale, Zóbuè:
Kwathu kuno ku malire phunziro limene limawagwira mtima ndi la kwacha. Pafupifupi mwana aliyense anagwirapo ndalama ziwiri, metical ndi kwacha. Mu Novembala 2023 Malawi inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44% tsiku limodzi. Ndimawafunsa: agogo amene anakwirira makwacha mu kachitini atagulitsa nyemba ku Mwanza, anabedwa ndi ndani? Kachitini sikanatsegulidwe, mapepala ndi omwewo, koma sopo amene akanagula wachepa. Pamenepo amamvetsa chifukwa chake kungosunga pansi pa mphasa sikokwanira. Metical nayo ili ndi nkhani yake, mu 2006 anaichotsa maziro atatu, n'chifukwa chake akuluakulu mpaka pano amati "makonto 50" akutanthauza meticais 50. Koma ziwirizi muzisiyanitse bwino, ana amaziphatikiza: kuchotsa maziro sikunasaukitse munthu, kunangosintha kawerengedwe.

Ine ndinganene kuti muyambitse kabokosi, ana aziponya meticais 5 kapena 10 pa sabata ngati xitique (chipereganyu), aone ndalama ikukula ndi maso awo.

Mkulu wa zamaphunziro wopuma, Moatize:
Ayi mwana wanga, apo pokha ndikana. Ndalama yeniyeni ya ana isadutse m'manja mwa mphunzitsi. Ndinayesapo zimenezo kalekale pa sukulu ina. Mwana wina anabwereka m'bokosi kuti akagule mpunga wophika wogulitsa, banja lake linasamuka tchuthi chisanathe, ndipo ndinabweza ndine kuchokera pa malipiro anga. Zinanditengera chaka kuti makolo asiye kundiloza chala. Mnzathuyu akumunena kale za juga, muonjezerenso bokosi?

Gwiritsani ntchito nyemba. Gulu lililonse lilandire nyemba 100. Banki ya aphunzitsi iziwonjezera 10 pa 100 iliyonse akamakumana: 110, kenako 121, kenako 133. Pambali pake muike wakatapila wofuna theka pamwamba mwezi uliwonse: wabwereka 100, ukalephera kubweza zikhala 150, kenako 225, mwezi wachitatu zapitirira 337. Mulu wa nyemba ukamakula pa desiki, chiwongoladzanja chobala chinzake amachimva popanda fomula. Fomula idzabwera pambuyo, si inu a masamu?

Amene akufunadi kusunga zenizeni apite kudzera kwa amayi ake ku gulu la poupança (losunga ndalama) la m'mudzi, kapena pa M-Pesa kaya e-Mola ya kholo. Makolo ndiwo aziona.

Wa sukulu ya pulaimale, Zóbuè:
Ndamva bambo, bokosi ndalichotsa. Koma nyembazo muziwerenga potuluka, kwathu zinathera mu ndiwo.

Mphunzitsi wa masamu, Ulónguè:
Ndabwerera kudzakuuzani za dzulo. Bambo aja anabweradi, ndipo m'malo mokhala kumbuyo anatenga choko. Anawerengetsa nawo ana za mbatatesi: mbewu, feteleza, aganyu, matumba, ndi mtengo wa pa msika magalimoto a ku Tete akafika ambiri kapena akasowa. Anawauza okha kuti chaka china anangobweza mpamba basi. Kenako tinachita masewera awiri. Gulu lina linaika nyemba mu "kampani ya mbatatesi", lina linabetcherana ndi kachindalama koponya m'mwamba, ine ndikudula nyemba imodzi pa khumi zilizonse ngati mwini juga. Titaponya kakhumi ndi kasanu ndinawauza aphatikize nyemba za gulu lonse. Za obetcha zinali zitachepa, zambiri zili kwa ine. Mnyamata wa kandege uja anakhala chete, kenako akuti, "Ndiye wopambana ndi mwini ndege." Sindinawonjezere kanthu.

Za HCB nthawi inatithera, tidzayamba nazo Lachiwiri. A ku Songo, muli ndi chithunzi chabwino cha damu choti ndiwaonetse pa foni? Ambiri sanafikeko.

Wa Geografia, Songo:
Ndili nazo zitatu, china madzi akutuluka pa zitseko. Nditumiza usiku, netiweki ikakhazikika.