Za foni yopanda chingwe ija: nambala tsopano ikuoneka

Abale, ndabweranso ndi nkhani ya foni ya m'nyumba yopanda chingwe ija, yomwe ndinafunsa kuti bwanji sikuonetsa nambala ya woimba. Pano zatheka.

Foniyo inalibe vuto. Nambala imatumizidwa ndi kampani ya lamya, ndiye ngati sanakutsegulireni pa laini yanu, olo foni ikhale yodula chotani simuona kanthu. Ndinawapempha ndipo anatsegula. Chinanso, mafoni ena amakusankhitsani pakati pa FSK ndi DTMF, njira ziwiri zolandirira nambala. Yanga inagwira nditasankha FSK. Musathamangirenso kuyankha, chifukwa nambala imatulukira foni ikalira kamodzi, isanalire kachiwiri. Dzina limaoneka ngati munasunga kale nambalayo m'foni, ndipo mayi anga kuno ku Area 25 akondwa nazo zedi, akumadziwiratu kuti ndi mwana wawo wa ku Kasungu asananyamule.

Chondidetsa nkhawa ndi magetsi. Akathima, kabokosi kokhazikapo foni kamazima, ndipo simungaimbe ngakhale mabatire atadzaza. N'chifukwa chake sindinachotse foni yakale ya chingwe, poti iyo imatenga mphamvu pa laini. Mabatire a yatsopanoyi ndi ochajidwa a NiMH, chonde musaikemo wamba.